Mphini pa Mapazi a Ababa

Ababa anafika kwanga ku Ulongwe atavala patapata imodzi. Inayo inatsala penapake pakati pa siteji ya minibasi ndi khomo langa, ndipo iwo sanadziwe kanthu. Ndinawalandira chikwama, ndinagwada n'kuwalonjera, koma maso anga anali pa phazi lakumanzere lomwe linali mbuu ndi fumbi. Nditafunsa kuti nanga patapata inzake ili kuti, anayang'ana pansi, anacheuka kumbuyo, kenako anandiyang'ana ine ngati ndine ndawabisira.

Ndinaseka mpaka kutuluka misozi. Nawonso anaseka, amvekere anthu a ku Ulongwe ndi akuba osaneneka, amakuvula nsapato uli chiyendere. Koma madzulo ake akusamba m'mapazi kuti aswali, ndinaona minga iwiri italowa kuchidendene kwawo. Ndinaizula ndi zikhadabo iwo akupitiriza kundifotokozera za mvula ya kumudzi, osadziwa n'komwe kuti ndikuwazula kanthu. Pamenepo kuseka kunandithera.

Ababa moyo wawo wonse anali munthu wa nsomba ku Chiuta. Sanali msodzi weniweni, ngakhale ukawamva akukamba ungati nyanja yonseyo anakumba ndi iwo. Ankagula matemba ndi milamba padoko, kuyanika, kuwamba, n'kunyamula panjinga kukagulitsa m'misika. Mapazi amenewo anaponda matope, anakankha mabwato, anapalasa njinga mpaka ife tonse tinaphunzira sukulu. Ine kukhala mphunzitsi lero ndi mapazi omwewo. Matenda a shuga anawapeza nawo amayi asanatisiye, ndipo mapiritsi ankamwa ndithu, sindingawanamizire. Kungoti tiyi wawo anali woti supuni ikhoza kuimamo yokha.

Chomwe chinawabweretsa kwanga chinali mapaziwo. Ankati amatentha ngati aponda makala, nthawi zina amalasalasa, komanso ankati achita dzanzi. Ine ndinkati madala akudzitsutsa okha, phazi lingatenthe bwanji lili ladzanzi? Ndinawauza zimenezo pamaso, chifukwa mtima wanga ndi wapachala ndipo pakamwa panga palibe chitseko. Zonsezi ndinatengera kwa iwo omwewo, ndiye tikakhala nyumba imodzi anansi safunanso wailesi.

Lolemba lotsatira tinalawirira kuchipatala ku Balaka. Tinakumana ndi adokotala achinyamata, ndevu zongoyamba kumera, amene anawavula ababa nsapato n'kutulutsa kachingwe kouma kangati ka mbedza. Ababa anafunsa kuti kodi m'chipatala muno mumawedza nsomba zanji. Adokotalawo anaseka, n'kuwauza kuti atsinzine, ndipo akamva kachingweko kakuwakhudza anene kuti eya. Ababa ndi munthu wosafuna kukhumudwitsa mwana wa eni ake pantchito yake. Ananena eya woyamba adokotala asanawerame n'komwe. Anapitiriza eya, eya, eya, mwaulemu wonse, mpaka adokotala atasiya phazilo n'kuyamba kulemba m'kabuku ka kuchipatala, eya anali akubwerabe.

Adokotala anatifotokozera pang'onopang'ono. Anati shuga ikakhalitsa yokwera imawononga mitsempha yomwe imachititsa munthu kumva kukhudza ndi kupweteka, ndipo imayambira kumapazi. N'chifukwa chake phazi limatha kutentha popanda moto, koma munga weniweni osaumva. Anatinso ena amene amwa mapiritsi a shuga zaka zambiri amapereweredwa vitamini wina wofunika ku mitsempha, ndipo ababa ankaoneka kuti ali m'gulu limenelo. Ndiye anawalembera jakisoni. Sanatilonjeze zozizwitsa ayi. Anati kutenthako kukhoza kuchepa pakapita masabata, koma shuga ikapanda kutsika jakisoniyo adzangotha pachabe.

"Agogo, phazi ili likavulala silikuuzani," anatero potsiriza. "Bala lililonse, ngakhale laling'ono bwanji, mubwere nalo tsiku lomwelo."

Ine ndinagwedeza mutu mwamphamvu, monga amachitira ana a m'kalasi mwanga maganizo awo akakhala ali kubwalo la mpira.

Tinabwerera ndi kakatoni ka timabotolo tagalasi khumi, tokhala ndi mankhwala ofiira psuu. Malangizo anali osavuta: timabotolo tizikhala m'katoni mwake pamalo osafika dzuwa, tsiku lolembedwa m'kabuku likakwana titenge kamodzi tipite nako kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwathu, ndipo akabaye ndi anesi, ndi singano yatsopano nthawi iliyonse. Ababa mankhwalawo anawakonda asanalowe n'komwe m'thupi. Anati mankhwala enieni amaoneka choncho, osati mapiritsi oyera aja angati choko changa cha kusukulu. Tsiku lomwelo ndinawapeza atandanditsa timabotolo tonse pawindo kuti dzuwa liziwalitsa. Ndinatibwezera m'katoni ndikulalata, n'kukabisa m'sutikesi pansi pa zitenje.

Chikondi chimenechi chinatha pa jakisoni woyamba. Anesi a pachipatala chathu anali mtsikana wansangala, msinkhu wa mdzukulu wawo woyamba. Anasamba m'manja, anawerenga kabotolo n'kuyerekeza ndi kabuku, anakulunga khosi lake ndi kansalu n'kulithyola, anang'amba pepala la singano ife tikuona. Ababa anali atavula kale nsapato, phazi atalitambasula pabenchi. Anesi anawauza kuti nsapato avale, apite kuseri kwa katani akatsitse thalauza pang'ono.

Sindidzaiwala nkhope imeneyo. Anandiyang'ana ine, anayang'ana katani, kenako anafunsa mwaulemu kwambiri ngati mwanayo wawerenga bwino kabukuko, chifukwa iwo kumbuyo kulibe dandaulo lililonse.

"Bwato likabooka kutsogolo, phula umamata kutsogolo," anatero. "Inu mukukamata kumbuyo. Ndiye madzi asiya kulowa?"

Anesi anaseka mpaka kugwira tebulo. Anawafotokozera kuti mankhwalawa amafuna pamnofu pochindikala, kuti magazi awatenge pang'onopang'ono n'kuwafikitsa thupi lonse, mapazi omwe. Paphazi palibe mnofu wotero, pali mafupa ndi mitsempha yokhayokha. Ababa analowa kuseri kwa katani ngati mbuzi yokokedwa ndi chingwe. Ndinkawamva akunong'ona mapemphero. Potuluka sanayang'ane aliyense, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba ankayenda patsogolo panga osandiyankhula.

Anabayitsa katatu. Tsiku lililonse la jakisoni kunyumba kwanga kunkakhala nkhondo. Lero m'mimba mwawapotokola, mawa akuyembekezera mlendo wochokera ku Nsamala yemwe sanafikepo, mkuja kabuku kasowa, ndipo ndinakapeza m'thumba la chimanga. Ine ndinkayenera kupempha kwa ahedi kuti ndichoke ana ali m'kalasi, kukakhala pamzere, kenako kubwerera ndi munthu wokwiya. Mapazi ankatenthabe. Ndikati kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo ankati nkhonoyo sinavulidwepo thalauza ndi mwana. Kunena zoona ndinatopa, ndipo kutopako ndi kumene kunanditsegulira khomo la uchitsiru.

Lachisanu lina pochokera kumzikiti anabwera ndi mnzawo wakale, mkulu wina wogulitsa zitsamba pamsika, amene anadziwana naye kalekale ku Chiuta. Mkuluyu ine ndimamudziwa bwino. Ndili sitandade sikisi ndinkavutika ndi mutu waching'alang'ala, ndipo ndi iyeyo ananditema mphini ziwiri m'litsipa, n'kupakamo phulusa lakuda. Zipsera zake ndikadali nazo. Mutuwo unasiya, kaya chifukwa cha mphinizo, kaya chifukwa chaka chomwecho aphunzitsi anandisamutsira kutsogolo pafupi ndi bolodi, sindidziwa mpaka lero. Koma kwathu munthu wopanda mphini ndi wosowa. Bondo likavuta amatema pabondo, msana ukavuta amatema pamsana. Mankhwala amalowera pomwe pali ululu, umo ndi mmene tinakulira.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndikuwapatsa thobwa, ndipo ndinkamva zonse. Chomwe chinandikola n'chakuti madalawa sankanyoza chipatala. Akanati mankhwala achizungu ndi achabe, ndikanawathamangitsa ndi tsache. Iwo ankati mankhwalawo ndi amphamvu zedi, vuto ndi njira. Kuchokera kumatako kukafika kuchala ndi ulendo wautali, mankhwala amafika atatopa. Nanga bwanji osatema mphini paphazi pomwepo, ndipo m'malo mwa phulusa n'kuthiramo ofiirawo? Mkulu uja anati imeneyo ndiye nzeru, chipatala ndi makolo kugwirana manja. Ankayankhula modekha, mosinthanitsa Chiyao ndi Chichewa, ndipo zinkamveka zanzeru kuposa zambiri zomwe ndimamva pamisonkhano ya aphunzitsi.

Kenako ababa anandiitana ndi dzina lomwe amandiitana akafuna kanthu.

"Amayi, tatithyolerani kabotolo kamodzi. Ife manja akunjenjemera."

Ndikanatha kukana. Sutikesi inali yanga, kiyi anali m'chitenje changa. Koma ndinaganiza za mzere wa kuchipatala, ndi nkhope ya ahedi, ndi bambo anga kuseri kwa katani. Ndinagwira zipsera za m'litsipa mwanga, ndipo ndinadziuza kuti mankhwala ndi omwewo, tangosintha khomo. Mawu a adokotala aja sanandibwerere n'komwe, chifukwa m'mutu mwanga mphini sinali bala. Bala ndi la ngozi, la khasu kapena la msomali. Mphini ndi chithandizo.

Ndipo poti ndine mphunzitsi, ndinaika malamulo. Ndinakagula lezala latsopano paokala, ndinatulutsa sipiriti ndi thonje, ndinamusambitsa mkulu uja m'manja ndi sopo kawiri. Ndinakulunga khosi la kabotolo ndi kansalu n'kulithyola ndendende monga ndinaonera kwa anesi. Ndinkadzimva wotsogola kwambiri tsiku limenelo. Ndikakumbukira kunyada kumeneko mpaka pano thupi limandinyerenyesa ndi manyazi.

Anatema zitatu phazi lililonse, m'munsi mwa zala. Ine ndinkadontheza mankhwala ofiirawo, iye n'kumapaka ndi chala. Ababa sanagwedezeke. Lezala likulowa, iwo anali akukamba za chaka chomwe madzi a Chiuta anaphwa mpaka anthu kuyenda wapansi pomwe pankadutsa mabwato. Mkulu uja anati amuna olimba mtima chonchi anatha, a masiku ano amalira akangoona lezala. Inenso ndinayamikira. Tonse atatu tinkaona munthu wosamva kanthu n'kumati ndi kulimba mtima.

Potsanzika, mkuluyo analamula kuti mphinizo zisakhudze madzi masiku asanu ndi awiri, ndipo zisaonedwe ndi maso ambiri. Ababa anavala sokosi ndi nsapato zawo zachikopa za pa Idi. Nditafunsa za kusamba m'mapazi asanaswali, anati zimenezo ndiwasiyire eni ake, munthu wodwala amaloledwa kungopaka madzi pamwamba pa sokosi.

Sabata imeneyo inali yokoma, ndisaname. M'mawa mwake ababa analengeza kuti moto wazima. Anayenda kupita kumzikiti, anayenda kupita kumsika, anakazungulira kwa ogulitsa chimanga kumsewu kukawauza kuti madokotala amadziwa mankhwala koma sadziwa njira. Kunyumba kunali mtendere, tinkadya tikuseka. Ine ndinangosintha njira yopitira kusukulu kuti ndisadutse pachipatala. Koma Ulongwe ndi kamudzi, Lachitatu ndinakumana ndi anesi aja tikusankha tomato pamulu umodzi. Anafunsa kuti agogo bwanji sanabwere dzulo. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti apita kumudzi kukapepesa maliro. Anati pepani, ndipo ine ndinalandira chipepesocho ndi nkhope yachisoni. Mayi wamkulu, wophunzitsa ana kuti bodza ndi loipa.

Chakumapeto kwa sabatayo m'nyumba munayamba kumveka kafungo. Ndinati khoswe wafera kudenga. Ndinasuntha matumba, ndinasesa kuseri kwa kabati, ndinakwera pampando kusuzumira pamwamba pa khoma, osapeza kanthu. Lachinayi masana nditaweruka ndinakhala pakhonde kuchonga makope, ababa ali pamkeka kumvera wailesi. Ndinaona ntchentche zitatera pa sokosi yakumanzere. Ndinaziingitsa ndi kope, zinazungulira n'kubwerera pomwepo. Yakumanja sizinkaifuna. Ndinaingitsanso, zinabwereranso.

Ndinawapempha kuti avule sokosi. Anati masiku sanakwane, latsala limodzi. Ndinapemphanso ndi ulemu wonse womwe ndinali nawo, womwe si wambiri. Anakweza wailesi. Basi mtima wanga uja unafika pachala. Ndinazimitsa wailesiyo, ndinagwada, ndinawagwira mwendo. Kwathu mwana wamkazi sagwira mwendo wa bambo ake ngati akugwira nkhuku, ndipo anandikumbutsa zimenezo mokweza, m'zinenero ziwiri. Sindinausiye. Sokosi inali itamatirira, moti ndinachita kuinyowetsa ndi madzi ofunda kuti ichoke.

Phazi lakumanja mphini zinali zitauma bwinobwino. Lakumanzere linali litatupa mpaka m'kakolo, khungu likunyezimira, lotentha ngati mbatata yongophula kumene. Mphini ya pafupi ndi chala chaching'ono inali itatseguka kukamwa, ikutuluka mafinya, ndipo chalacho chinali chitada. Ababa anawerama n'kuliyang'ana nthawi yaitali, ngati phazi la munthu wina.

"Koma sikupweteka," anatero, ndi mawu aang'ono omwe ndinali ndisanawamvepo.

Ndinawakweza pa kabaza, ine ndikuthamanga pambuyo ndi kabuku ndi katoni ija. Panalibe kothawira, tinakafika kwa anesi omwe ndinawanamiza aja. Anayang'ana phazi, anayang'ana mphini, anatsegula katoni n'kuona malo a kabotolo komwe sanabaye iwo. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndikanakonda akanatero, chifukwa kulalata ndimadziwa kuyankha kwake. Iwo anangotsuka balalo mwakachetechete, n'kulemba kalata yotitumiza ku Balaka tsiku lomwelo. Akutipatsa kalatayo anafunsa ababa chomwe chinawathawitsa. Ababa anangoyang'ana katani uja.

"Mukanandiuza kuti vuto ndi thalauza, bwenzi ndikukubayani pantchafu," anatero anesi. "Kapena ndikanakuitanirani mnzanga wamwamuna, amakhala chipinda chinachi."

Chipinda chinacho. Masitepe asanu kuchokera pomwe tinakhala. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo ife tinatsala pang'ono kumutsatira lambeyo tonse awiri, ababa ndi manyazi awo a thalauza, ine ndi anga oopa kufunsa.

Ku Balaka tinapeza adokotala a ndevu zongomera aja. Nthabwala za mbedza panalibenso. Anafunsa kuti anatsegula kabotolo ndani, ndipo ababa anayankha msangamsanga kuti anathyola okha, mwana sanadziwe kanthu, anali kusukulu. Ndinayang'ana manja awo aja, omwe analephera kuthyola kabotoloko. Ndinati iyayi, ndinathyola ndine, lezala ndinagula ndine, ndipo ndinathira ndine. Adokotala analemba osadzutsa mutu. Kenako anati mankhwalawo alibe mlandu, kungoti kuwathira pabala n'chimodzimodzi kuwathira pansi, anapangidwa kuti alowe pamnofu basi. Chomwe chawononga ndi lezala. Phazi la munthu wa shuga silichira msanga, ndipo tizilombo tikapeza khomo timalowa mwini wake osamva. Kuyenda konse kuja m'nsapato zothina, masiku asanu ndi limodzi osasamba, kunangothandizira.

Anatenga bolopeni n'kujambula mzere pamwendo wa ababa, kuzungulira pomwe kutupa ndi kufiira kunalekezera, pamwamba pang'ono pa kakolo. Anati ayamba mankhwala amphamvu a m'diripi ndi kutsitsa shuga. Chala chakudacho chinali chitafa kale. Koma kutupa kukadutsa mzerewo n'kumakwera, ndiye kuti nkhani sikhalanso ya chala, ikhala ya phazi lonse.

Ndinakhala gadiyani. Moyo wanga wonse unasanduka mzere wa bolopeni umenewo. M'mawa ndisanasukusule ndinkakweza bulangete kukauona. Ndikapita kukaphika kukhitchini ya magadiyani, pobwera ndinkayamba mzere, chakudya pambuyo. Nthawi zina ndinkaona ngati kutupa kwabwerera, nthawi zina ngati kwadutsa, mpaka mayi wa pabedi loyandikana, yemwe ankadwazika amuna ake, anandiuza kuti ndisiye kuuyang'ana ndingaufufute ndi maso.

Ababa okha ndi amene ankaoneka kuti ali patchuthi. Tsopano ankabayidwa m'mawa ndi madzulo, jakisoni wa shuga, wa bala, ndipo wofiira uja anayambiranso pa tsiku lake, pamalo ake. Anati matako awo asanduka msewu wa boma, aliyense akungodutsa osaodira. Anesi akangolowa ndi thireyi, iwo ndi amene ankalengeza kuwodi yonse kuti amuna inu tembenukani, alendo afika. Mnyamata wina woyendetsa lole, yemwe anathyoka mwendo, atanena kuti akatuluka akatemetsa mphini kuti fupa ligwire msanga, ababa anamuitana kuti abwere adzanunkhize phazi lawo kaye. Wodi yonse inaseka. Ine ndinatuluka panja, chifukwa sindikanatha kuseka nawo.

Mkulu wa zitsamba uja anabwera tsiku lachiwiri ndi phava la nthochi. Anakhala kumapeto kwa bedi chipewa chili m'manja. Ine ndinamulonjera ndi mano okha, nthochizo osazilandira. Atapita, ababa anandidzudzula. Anati munthuyo anachita zomwe amadziwa, ndi mtima wabwino, ndipo lezala silikanafika paphazi pakanapanda mwini phazi kulitambasula. Za amene anathyola kabotolo sananene, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Kusanenako kunkandipweteka kuposa akanandimenya.

Tsiku lachitatu kutupa kunabwerera pang'ono mbali yakunja, koma mbali yamkati kunaima pamzere penipeni. Adokotala anabwera ndi anzawo aakulu, anadina apa ndi apo, anayankhulana Chingerezi chapansipansi chomwe ndinachimva chonse ngakhale sankafuna. Kenako anatiuza kuti mawa m'mawa ababa alowa kufiyeta. Achotsa zonse zomwe zafa. Koma pomwe zafa zalekezera adzadziwa akatsegula, ndiye tiyenera kuvomereza zonse ziwiri, chala kapena phazi. Ababa anadinda chala chachikulu papepala, ine ndinasaina pansi pake. Dzina langa lomwe ndimalemba tsiku ndi tsiku linandivuta kulimaliza.

M'mawa mwake akuwakankha pa kabedi kamatayala, anandikodola. Ndinaganiza kuti akufuna kundisiyira mawu aakulu. Iwo anati ndiwauze anthuwo kuti chomwe adulecho asataye, atibwezere, chifukwa chiwalo cha Msilamu chimakwiriridwa mwaulemu. Anatinso ndikonzekere zonse ziwiri, bokosi la machesi ndi dengu, poti sitikudziwa katundu abwera wotani. Wokankha bedi uja anaseka. Ine ndinawauza kuti asiye zachibwana, ndipo chitseko chitangotsekeka ndinakhala pansi pakhonde pomwepo n'kulira ngati mwana.

Sindidziwa kuti panapita maola angati. Ndinaganiza za njinga yawo yomwe inatsamira khoma ku Chiuta, ndi za munthu amene sanakhalepo pansi tsiku lathunthu chibadwire. Ndinaganiza za abale anga, kuti ndikawauza chiyani, poti ndi iwowo anatumiza ababa kwa ine chifukwa ndine wophunzira. Anawatulutsa dzuwa litapendeka, ali mtulo, atafundidwa mpaka m'khosi. Adokotala anali atatsalira mkati ndi wodwala wina, ndipo okankha bedi anati iwo sadziwa kanthu. Ndinawatsatira mpaka kuwodi. Ndinakhala pambali pa bedi, maso ali kumapeto kwa bulangete, koma dzanja linakana kulikweza. Ine amene ndinkalikweza kakhumi patsiku.

Anatsitsimuka pang'onopang'ono. Anayang'ana kudenga, anayang'ana diripi, kenako anandipeza ine. Kumapazi sanayang'aneko. Ndinaona akuyesa kugwedeza mwendo pansi pa bulangete, nkhope itakwinyika ngati munthu amene akumvetsera phokoso lakutali. Anayesanso, kenako anasiya.

"Amayi, ine sindikumva kanthu," anatero. "Tandionere. Lilipo?"

Ndinaimirira, ndinapita kumapeto kwa bedi, ndinakweza bulangete. Bandeji inali yaikulu, yoyera, yothimbirira pang'ono mbali imodzi. Koma inali ndi chidendene. Ndipo pamwamba pake panasuzumira nsonga za zala, zotuwa, zikhadabo zake zokhakhala zomwe ndazidziwa moyo wanga wonse. Ndinawerenga kawiri kuti ndisaname.

"Lilipo, ababa. Chachoka chaching'ono chokha."

Anatseka maso. Milomo inayenda, kuthokoza Mwini wake. Patapita kanthawi anayankhulanso, maso ali chitsekere.

"Taligwira."

"Ndaligwira kale, ababa."

"Chabwino," anatero. "Usalisiye msanga."